Kukaona mzinda wa Chicago m'nyengo ya chisanu: zomwe zinandichitikira mu Januwale 2019

Nkhaniyi ndikulembera makamaka anthu a kwathu amene amapita ku Indiana kukachezera abale, n'kuganiza zodutsa ku Chicago kuti akadzionere okha mzinda umene mbiri yake amangoimva. Ku South Bend ndi madera ozungulira kuli Amalawi ambiri ndithu, ndipo ambiri mwa alendo awo amatera pa bwalo la ndege la O'Hare, n'kuziona nyumba zosanja zitalizitali chapatali ali m'galimoto, kenaka n'kumadziuza kuti tsiku lina adzabwera kudzazionera pafupi. Ine ndinabweradi, koma ndinabwera m'sabata yomaliza ya Januwale 2019, ndipo ulendowo unandidyera ndalama zambiri komanso unatsala pang'ono kundilanda nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja.

Ndinafika ku America mu Disembala 2018, nditangopuma kumene pa ntchito yophunzitsa mbiri yakale ku sekondale, ndipo ndinkakhala kwa mchemwali wanga ndi alamu anga. Chimene chinkandikokera ku Chicago sichinali masitolo. Kwa zaka zambiri ndinkauza ana a sukulu kuti Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunzira ku Wilberforce m'dera la Ohio, anapitako ku Indiana University, kenaka anakamaliza digiri yake ku University of Chicago mu 1931 asanapite kukachita za udokotala ku Meharry mumzinda wa Nashville. Ndinkawauzanso kuti ali ku Chicago komweko anathandiza katswiri wa zilankhulo, Mark Hanna Watkins, kulemba galamala ya Chichewa imene inasindikizidwa mu 1937, ndiponso kuti holide ya anthu apantchito imene timakumbukira pa 1 Meyi inachokera ku zimene zinachitika m'misewu ya mzinda womwewo. Ndinkafuna kuponda ndi mapazi anga malo amene ndinkangowalemba pa bolodi.

Mchemwali wanga anandiletsa. "Achimwene, dikirani mpaka Meyi, kuzizira kumene akunena pa TV sikwamasewera ayi," anatero akukonzeka kupita ku ntchito ya usiku. Ine ndinali nditamva wolengeza zanyengo akunena kuti ku Chicago kukhala madigiri 10, ndipo mumtima ndinati kumeneko ndi kuzizira kwa ku Dedza mu Juni, kumene munthu amathana nako ndi juzi ndi jekete. Apa ndi pamene mlendo aliyense ayenera kuchenjera, chifukwa ku America amayeza nyengo ndi muyeso wa Fahrenheit, osati wa Celsius umene tinazolowera. Pa muyeso wawowo madzi amaundana pa madigiri 32, choncho akati 10 ndiye kuti kwathu tikanati 12 pansi pa ziro, ndipo akati ziro ndiye kuti ndi pafupifupi 18 pansi pa ziro. Chinanso chimene chinandinyenga ndi mitengo ya mahotela, imene mu Januwale imatsika kwambiri. Chipinda cha pakati penipeni pa mzinda ndinachipeza pa madola osafika 100 usiku umodzi, osadzifunsa chifukwa chimene anthu ena onse sakuchifunira.

Ndinakwera sitima yamagetsi pa bwalo la ndege la South Bend Lolemba pa 28 Januwale, sinowo itagwa usiku. Kumbukirani kuti nthawi ya ku Chicago imatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku South Bend. Foni imasintha yokha koma wotchi ya pamkono muyenera kuibweza nokha, apo ayi mudzasokonezeka pa nthawi yobwerera. Sitimayo imathera pansi pa nthaka, pa Millennium Station, ndipo nditakwera masitepe n'kutulukira mu Michigan Avenue mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan inandimenya kumaso mpaka misozi kutuluka. Komabe tsiku limenelo kunali kopiririka, ndipo ndinayenda chakumpoto mpaka pa mlatho wa DuSable, pamene pali chiboliboli cha mutu ndi mapewa a Jean Baptiste Point du Sable. Munthu ameneyu, yemwe anali wakuda, ndiye mlendo woyamba kukhazikika pamene mtsinje wa Chicago umakumana ndi nyanja, cha m'ma 1780, pakati pa eni nthaka a mtundu wa Potawatomi, kumenenso anakwatirako. Anali ndi malo ochitira malonda ndi munda, ndipo anagulitsa zonsezo mu 1800. Mzindawo unakhazikitsidwa mwalamulo mu 1837.

Pa mlathopo ndinaima nthawi yaitali kuyang'ana madzi amene anali atayamba kuundana m'mbali. Mtsinje umenewu kale unkathira m'nyanja, koma popeza unkanyamula zonyansa za mzinda wonse n'kukazitaya m'madzi omwe anthu ankamwa, akatswiri anakumba ngalande yaikulu ndipo mu 1900 anaubweza kuti uziyenda chobwerera m'mbuyo, kuloza ku mitsinje imene imakathira mu Mississippi. Kumpoto pang'ono kuli kansanja ka miyala yachikasu kotchedwa Water Tower, kamene kakuoneka kakang'ono pakati pa nyumba za magalasi, koma ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zinapulumuka pa moto waukulu umene unayamba pa 8 Okutobala 1871. Motowo unapha anthu pafupifupi 300, unatentha nyumba zoposa 17,000 ndi kusiya anthu pafupifupi 100,000 alibe pogona. Pomanganso mzindawo ndi pamene amisiri anayamba kuimika nyumba pa mafelemu achitsulo, ndipo Home Insurance Building ya mu 1885 ndi imene ambiri amaitenga kuti inali yoyamba mwa nyumba zitalizitali za masiku ano.

Nkhani ya ndalama inayambira ku hotela madzulo omwewo. Mtengo umene munauona pa intaneti suphatikiza msonkho, umene pa zipinda za ku Chicago umaposa 17 peresenti, ndipo pa kauntala amatsekerezanso ndalama ina pa khadi yanu ya ku banki ngati chikole, imene imatenga masiku angapo kuti imasulidwe mukachoka. Ine ndinali ndi khadi imodzi yokha yokhala ndi ndalama zowerengeka, moti chikolecho chinadya gawo lalikulu la zimene ndinasungira chakudya. M'masitolo namonso mtengo wolembedwa pa katundu si umene mumalipira, chifukwa amawonjezerapo msonkho woposa 10 peresenti, ndipo m'malo odyera amayembekeza kuti musiyira wokuperekerani chakudya ndalama ya pakati pa 15 ndi 20 peresenti. Usiku umenewo ndinalawa pizza yotchuka ya mumzindamo, yokhuthala kwambiri, imene amaiphika m'chiwaya chakuya ndipo imatenga mphindi pafupifupi 40 kuti ipse. Kagawo kamodzi kokha ndinakhuta nako, ndipo yotsalayo, imene anandikulungira, inadzandithandiza kwambiri Lachitatu.

Lachiwiri ndinalawirira ku Desplaines Street, pamalo a Haymarket. Pa 1 Meyi 1886 antchito zikwizikwi ananyanyala ntchito pofuna kuti azigwira maola 8 okha pa tsiku, ndipo pa 4 Meyi, apolisi akubalalitsa msonkhano pamalo amenewa, munthu wina anaponya bomba. Apolisi 7 ndi anthu wamba angapo anafa. Atsogoleri 8 a antchito anazengedwa mlandu, anayi ananyongedwa mu 1887, ndipo atatu ena anakhululukidwa ndi bwanamkubwa John Peter Altgeld mu 1893 atapeza kuti mlanduwo sunayende mwachilungamo. Chikumbutso chake ndi chaching'ono, ngolo yofiirira imene anthu opanda nkhope aimirirapo, m'mbali mwa msewu wa magalimoto ambiri, ndipo anthu ankangochidutsa mitu ili pansi. Zinandidabwitsa kuti tsiku limene mayiko ambiri amalilemekeza linabadwira m'dziko limene holide ya antchito amachita mu Seputembala.

Kuchokera apo ndinakwera sitima ya m'mwamba, imene eni mzinda amangoitchula kuti L, kulowera kumwera. Pamalo odikirira sitima pali timisasa tokhala ndi nyale zotentha kudenga, ndipo pali batani loti mudine kuti ziyake. Ine ndinaima pambali ndikunjenjemera mpaka mnyamata wina atadina, anthu onse n'kuunjikana pansi pake. Ndinatsikira ku Bronzeville, dera limene linalandira anthu akuda ochokera m'madera a kumwera kwa America pa msamuko waukulu wa pakati pa 1916 ndi 1970, pamene anthu oposa 500,000 anabwera ku Chicago kuthawa tsankho ndi kuphedwa mwachisawawa, n'kudzafuna ntchito m'mafakitale a zitsulo ndi m'malo ophera nyama. Nyuzipepala ya Chicago Defender, imene Robert Abbott anayambitsa mu 1905, ndi imene inkawalimbikitsa kusamuka, ndipo antchito akuda a m'sitima ankainyamula kupita nayo kumwera. Mu King Drive muli nyumba imene ankakhala Ida B. Wells, mtolankhani amene analimbana ndi mchitidwe wopha anthu akuda popanda mlandu, komanso chipilala cha asilikali akuda amene anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Chimene chinandigwira mtima kuposa zonse ndi chiboliboli cha munthu wa pa ulendo chimene chili chakumpoto mu msewu womwewo. Waimirira pa mulu, dzanja limodzi wakweza ngati akupereka moni, lina wanyamula sutikesi yomanga ndi chingwe, ndipo mukayandikira mumaona kuti zovala zake zonse n'zopangidwa ndi mapansi a nsapato zakutha, osanjikizana kuyambira pakhosi mpaka kumapazi. Pamenepo ndi pamene ndinavula magolovesi koyamba kuti ndijambule. Anali magolovesi opyapyala a ulusi amene ndinagula motchipa pa sitolo ya pa malo omwetsera mafuta, ndipo ndinkavala nsapato zachikopa za ku ofesi ndi masokosi a thonje, makutu ali pamtunda. Wopita kumeneko m'nyengo imeneyi amafunika zovala zosanjikiza zitatu, jekete lokhuthala lotchinga mphepo, chipewa chaubweya chophimba makutu, masokosi aubweya, majombo osalowa madzi, ndi magolovesi aja amene zala zinayi zimakhala pamodzi m'thumba limodzi. Abale anu kumeneko ali nazo zimenezi, ndipo kubwereka si manyazi.

Masana ndinawothera m'nyumba yosungiramo mbiri ya anthu akuda ya DuSable ku Washington Park, imene mphunzitsi ndi mmisiri wojambula Margaret Burroughs anayambitsa ndi anzake mu 1961 m'nyumba yake yomwe. Mulinso chigawo cha Harold Washington, meya woyamba wakuda wa mzindawo, amene anasankhidwa mu 1983 n'kumwalira ali pa udindo mu 1987. Ndikanabwerera ku hotela kuchokera pamenepo bwenzi zonse zitatha bwino, koma University of Chicago inali pafupi kwambiri, kutsidya kwa msewu chabe, ndipo sindikanatha kuisiya. Ndinazungulira pakati pa nyumba zamiyala zotuwa, ndinaona Harper Memorial Library ndi tchalitchi cha Rockefeller, zimene zinali zitaima kale pamene Kamuzu ankaphunzira kumeneko, ndipo ndinafikanso mu Ellis Avenue pa chiboliboli chimene chikusonyeza malo amene Enrico Fermi ndi anzake anayatsira koyamba mphamvu ya nyukiliya moilamulira, pa 2 Disembala 1942. Chikwangwani chotchula Kamuzu sindinachione paliponse, choncho amene akupita ndi cholinga chimenecho adziwe kuti akaona makoma ndi misewu imene iye ankadutsamo basi. Kwa ine zimenezo zinali zokwanira.

Dzuwa likulowa, cha m'ma 5 koloko, kuzizira kunasintha mwadzidzidzi. Foni yanga inazima yokha ngakhale inali ndi moto wokwanira, chifukwa batire silipirira chisanu chotero pokhapokha foniyo ikhale m'thumba la mkati pafupi ndi thupi. Mapu onse anali m'fonimo. Ndinaima pa siteji ya basi pafupi ndi bwalo lalikulu la Midway Plaisance, pamene mphepo imadutsa popanda chotchinga, ndipo zala zinayamba kuwawa ngati zikubayidwa, kenaka zinachita dzanzi n'kusiyiratu kuwawa. Ndinaganiza kuti thupi layamba kuzolowera, pamene zoona zake n'zakuti ululu ukatha ndiye kuti khungu layamba kuundana. Mayi wina wachikulire amene anabwera kudzadikira basi anandiyang'ana kumaso n'kunena kuti, "Bambo, makutu anuwo atuwa, tiyeni mulowe m'nyumba msanga." Anandikokera m'kanyumba kogulitsira khofi, ndipo nditavula magolovesi tinapeza nsonga za zala ziwiri zili zotuwa ngati phulusa komanso zolimba. Ndinayamba kuzitikita koma anandigwira mkono, n'kundiuza kuti ndiziike m'khwapa. Mayi ameneyo ndi amenenso anandiitanira takisi, imene inandidyera madola oposa 30.

Ku hotela ndinaviika dzanja m'madzi ofunda monga anandilangizira. Madziwo ayenera kukhala ofunda chabe, ofanana ndi kutentha kwa thupi, osati otentha, ndipo chala choundana sachitikita, sachiyandikizanso pa moto kapena pa hita, popeza sichimva ngati chikupsa. Magazi atayamba kubwerera ndinamva ululu umene sindinaumvepo chibadwire, ndipo usiku wonse ndinangokhala pa mpando ndili ndi mantha kuti zalazo azidula. Kukacha zinali zitatupa, zitatuluka matuza.

Lachitatu limenelo, pa 30 Januwale, ku O'Hare kunazizira kufika madigiri 23 pansi pa ziro pa muyeso wawo, amene ndi pafupifupi 31 pansi pa ziro pa muyeso wathu, ndipo mphepo ikaomba thupi linkamva ngati kwadutsa 45 pansi pa ziro. Pa kuzizira kotero khungu losaphimba limaundana pasanathe mphindi 10. Sukulu zinatsekedwa, makalata sanagawidwe, ndege zambirimbiri zinalephereka, ndipo nyumba zosungiramo zinthu zakale zimene ndinakonza zokaona tsiku limenelo zinali zotseka. Sitima zamagetsi zopita ku Indiana nazonso zinaimitsidwa chifukwa mawaya ake sakanatha kupirira, moti njira yanga yobwerera inatsekeka. Pa windo ndinkaona nthunzi ikufuka pamwamba pa nyanja, misewu ili pululu. Ndinaimbira mchemwali wanga, ndipo sanandikumbutse zimene anandiuza zija. Anangofunsa mtundu wa matuzawo n'kundilamula kuti ndipite kuchipatala tsiku lomwelo.

Inshulansi ya pa ulendo ndinali nditaisiya pogula tikiti ya ndege poganiza kuti ndi kuwononga ndalama. Mchemwali wanga anandiuza kuti ndisapite ku chipinda cha matenda angozi cha chipatala chachikulu, kumene bilu ikhoza kufika madola masauzande, koma ndifunefune kachipatala kakang'ono ka mtundu umene amautcha urgent care. Kumeneko anandipima, anandimanga mabandeji, anandiuza kuti ndisaphulitse matuzawo ndiponso kuti zalazo zisazizidwenso, ndipo ndinalipira madola pafupifupi 250 kuphatikizapo mankhwala. Matuza anga anali a madzi oyera, chizindikiro chakuti chisanu sichinalowe mkati kwambiri. Akakhala a magazi kapena chala chikayamba kuda, musawerengere ndalama, pitani ku chipatala chachikulu kapena imbani 911. Amene wasowa pothawira kuzizira akhoza kuimba 311 kuti amuuze malo owothera a boma la mzinda, ndipo m'masiku amenewo mabasi ena anaimikidwa kuti anthu osowa pokhala aziwotheramo.

Khadi yanga inakana pamene ndinkafuna kuwonjezera masiku ku hotela, ndipo alamu ndi amene analipira pa foni. Ndinakhala m'chipindamo mpaka Lachisanu, ndikudya pizza yotsala ija ndi buledi wa pa sitolo ya pansi, ndili ndi manyazi komanso chisoni kuti ndasandutsa tchuthi kukhala mtolo wa anthu amene amagwira ntchito usiku kuti apeze ndalamazo. Lachisanu m'mawa kutayamba kufundirako, wolandira alendo pa hotelapo anandiuza za Pedway, njira za pansi pa nthaka zimene zimalumikiza masiteshoni ndi nyumba zambiri za pakati pa mzinda, moti munthu akhoza kuyenda mtunda ndithu osatuluka panja. Ndinaitsata mpaka ku Chicago Cultural Center, nyumba imene inatsegulidwa mu 1897 ngati laibulale yaikulu ya mzinda, yolowa ulere, yotentha bwino, ndipo denga lake lozungulira la magalasi amitundumitundu a Tiffany ndi chimodzi mwa zinthu zokongola kwambiri zimene ndinaona ku America. Nyumbayo ili moyang'anizana ndi siteshoni imene ndinatsikira tsiku loyamba. Alamu anabwera kudzanditenga pa galimoto madzulo ataweruka, atanyamula jekete lawo ndi chipewa. "Alamu, mbiri yakale mwaiona?" anandifunsa akuseka, ndipo tinaseka tonse mpaka titalowa mu Indiana. Titawerengera bwino, ndalama zimene sindinazikonzekere zinayandikira madola 700.

Khungu la zalazo linasupuka patapita milungu ingapo, chikhadabo chimodzi chinachoka n'kumeranso, ndipo mpaka lero zala ziwirizo zimayamba kuwawa msanga kukazizira. Kumapeto kwa Meyi, nditatsala pang'ono kubwerera kumudzi, ndinapitanso ku Chicago ndi mchemwali wanga, ndipo unali ngati mzinda wina. Tinakwera boti loyenda mu mtsinje kwa ola ndi theka, wofotokoza akulongosola nyumba imodziimodzi, ndipo pa zonse zolipiritsa chimenechi ndi chimene ndingalimbikitse munthu wa ndalama zochepa. Ena mwa mabotiwo sayenda pakati pa nyengo ya chisanu. Ku Field Museum tinaona mikango iwiri ya ku Tsavo imene inkagwira anthu omanga njanji ku Kenya mu 1898. Pamwamba pa Willis Tower, yotalika mamita 442, tinakwerapo kuli mitambo ndipo tikitiyo inangopita pachabe, choncho yang'anani kumwamba musanagule. Chiboliboli chonyezimira cha Cloud Gate mu Millennium Park, malo osungira nyama a Lincoln Park ndi National Museum of Mexican Art ku Pilsen n'zaulere zonse, ndipo ku Bronzeville tinayenda wapansi mu King Drive masana onse tikuwerenga mayina olembedwa m'mbali mwa msewu. Chipinda cha hotela chinali chokwera mtengo pafupifupi kawiri kuposa cha mu Januwale, komabe ulendo wonse wa anthu awiri sunafike pa ndalama zimene ndinawononga ndekha nthawi yoyamba ija. Ngongole ya alamu ndinamaliza kubweza nditafika kale ku Zomba.